Entin ndi Mwezi wa Eyiti

Entin anabwera m'mudzi mwathu ndi chikwama chimodzi, ambulera yothyoka, ndi mwamuna amene sanakhalitse. Ndine ndinawanyamula kuchokera padepoti ya mabasi ku Brebes. Njinga yanga yamoto ndi yamatayala atatu, kumbuyo ili ndi bokosi lonyamulira matumba a anyezi, ndiye mkwatibwi anakafika kwa apongozi ake akununkha ngati ndiwo zokazinga. Ndinamuuza kuti asadandaule, kuno tonse timanunkha chomwecho, ngakhale potiika m'manda. Anangondiyang'ana. Rokhidin, mwamuna wakeyo, anandinong'oneza kuti ndisadzivute, mkaziyo Chijava chathu amangochimva mwa apo ndi apo.

Ine ndine Tarjuki, koma aliyense amati Lik Juki, ndiko kuti malume Juki, ngakhale amene sindine malume awo. Sukulu ndinaisiya nditangodziwa kulemba dzina langa ndi la mtsikana wina amene anakwatiwa ndi mphunzitsi. Ntchito yanga ndi kunyamula anyezi ndi kuputa anthu.

Entin kwawo kunali kumapiri a kum'mwera, kumene amalankhula Chisunda. Bambo ake anamwalira iye asanayambe kuyenda. Mayi ake anapita ku Saudi kukagwira ntchito m'nyumba za anthu, poyamba ankaimba foni pa Idi iliyonse, kenako anasiya. Analeredwa ndi azakhali amene anali kale ndi ana awo odzaza mphasa. Atangosinkhuka anapita ku Jakarta kukatsuka mbale m'kalesitilanti ka m'mbali mwa msewu, ndipo Rokhidin anamupeza komweko, atabwera kudzadya ngakhale kuti sanali ndi njala. Zonsezi sanandiuze tsiku limodzi. Ndinkatola pang'onopang'ono, monga timatolera anyezi wogwa m'thumba lobooka.

Anyamata a kuno akakwatira amakwera sitima zazikulu zopha nsomba, zopita kutali kumene foni sigwira. Munthu amasowa chaka, mwina kuposa. Rokhidin anakwera yake Entin atangoyamba kulakalaka mango osapsa. Anamusiya m'manja mwa mayi ake, Mak Darkonah, amene ine ndimawatcha Yu Dar chifukwa ndi aakulu kwa ine pang'ono ndipo ankandimenya tili ana.

Yu Dar si munthu woipa. Pakamwa pokha ndi pamene palibe chotsekera. Anamutenga mpongozi wawo kupita naye kuchisakasa cha anyezi, kumene amayi amanyonyomala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kudula mizu ndi masamba ouma, kumanga anyezi m'mitolo. Pamenepo nkhani sizitha: za amuna, za mitengo ya feteleza, za amunanso. Entin ankakhala kumapeto, pafupi ndi nsanamira. Manja ake anali achangu kuposa a aliyense, koma nthabwala zinkamudutsa pamutu. Akayesa kulankhula Chijava amayi ankabwereza mmene watchulira, osati mwankhanza, kungoti zinkawakomera m'makutu. Iye anayamba kungogwedeza mutu. Pa nthawi ya nkhomaliro ankatsegula foni, n'kuyang'ana, n'kuitsekanso.

Mimba itakwana miyezi seveni tinachita mwambo wake. Anamusambitsa madzi a maluwa pabwalo, kumusintha nsalu imodzi pambuyo pa inzake, amayi akukuwa kuti iyi sikumukhala, iyinso sikumukhala, mpaka yomaliza. Kokonati yofunika kung'ambidwa ndi mwamuna wake inang'ambidwa ndi msuweni wina amene anatsala pang'ono kudzidula chala cha kuphazi. A kwawo kwa Entin sanabwere ngakhale mmodzi. Anthu atamwazikana ndinamuona akupinda yekha nsalu zonyowa zija.

Patangopita masiku ochepa, m'mawa wina ndikukweza matumba, ndinaona Entin ataimirira atagwira nsanamira ndi manja onse awiri. Ndinamufunsa ngati akuopa kuti chisakasa chigwa. Anati msana wam'munsi ukumuwawa kuyambira dzulo, ndipo mimba ikumamanga, kulimba ngati mwala, kenako n'kumasuka. Ankamva ngati mwana watsikira pansi. Yu Dar anali atapita kumaliro kumudzi wina, ndiye ndinamukweza kupita naye kwa Bu Yuyun, mzamba wa pachipatala chathu chaching'ono.

Ine ndinadikira panja, koma zenera linali lotsegula ndipo makutu anga sanaphunzire ulemu. Bu Yuyun anamuuza kuti khomo la chiberekero likadali lotseka koma layamba kufewa nthawi yake isanakwane. Asiye ntchito, asanyonyomalenso, asanyamule ndowa, azipuma ndi kumwa madzi ambiri.

"Nok, mwana wanga, undimvetse," anatero. "Mimba ikayamba kumanga pafupipafupi, kapena ukaona magazi, kapena madzi akudontha, usadikire kuti kuche. Tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu. Mapapo a mwanayu sanakhwime. Tsiku lililonse limene akhale m'katimo ndi phindu lake."

Madzulo a tsikulo Yu Dar anabwera, namva zonse. Apa m'pamene nkhani inapindika.

Kuno aliyense amadziwa chinthu chimodzi chimene palibe anatiphunzitsa kusukulu: mwana wobadwa wa miyezi seveni amakhala moyo, wa miyezi eyiti sakhala. Amati pa seveni mwana amakhwima, ikalowa eyiti amabwereranso kukhala muwisi, n'kudzakhwimanso pa naini. Ine ndinakula ndikumva zimenezo ndipo sindinafunsepo kuti zimatheka bwanji, monga sindinafunsepo chifukwa chake bakha samira. Ndiye Yu Dar atamva kuti mwana wayamba kugogoda, sanaone chifukwa chomugonekera mpongozi wawo. Anaona mpikisano. Ngati mwanayo safika pa naini, atuluke msanga mwezi usanatembenuke.

Anayamba kumudzutsa Entin m'mamawa kuti aziyenda wapansi pakati pa minda. Akabwerako azikolopa nyumba chogwada, manja ndi mawondo pansi. Asanadye azimwa supuni ya mafuta a kokonati kuti njira iterere. Amayi a kuchisakasa onse anavomereza, aliyense ndi umboni wake: mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Ndinawauza kuti ine mayi anga ankati ndinabadwa wa miyezi teni chifukwa cha ulesi, koma palibe anaseka. Ndinayesanso kunena kuti anyezi wozula msanga amawola m'thumba. Yu Dar anayankha kuti mdzukulu wawo si anyezi, ndipo wozulidwa msanga ndi ineyo, kusukulu, aliyense akuona mmene ndinawolera. Kenako anasiya mpeni, n'kundiyang'ana.

"Iwe Juki, wabereka kangati? Rokhidin ndinamubereka wa seveni, anali ngati khoswe, lero akukoka zingwe panyanja. Mlongo wake anabadwa wa eyiti, wamkulu bwinobwino, tsitsi lakuda bii. Sanafike madzulo. Mzamba wakoyo ndi mwana wadzulo, kunalibe tsiku limenelo. Ine ndinalipo."

Mwana ameneyo ndimamukumbuka, anamunyamula pamanja popita kumanda.

Entin anamvera apongozi ake. Akanamvera ndani wina? M'nyumbamo munali anthu awiri okha, ndipo mbale ya mpunga inkachokera m'dzanja la mmodzi. Ndikamadutsa ndi katundu ndinkamuona patali, kadontho ka mpango wachikasu pakati pa mizere ya anyezi, akuyenda pang'ono, kuima, kugwira msana, kuyendanso. Amuna othirira ankamupatsa moni, iye n'kukweza dzanja.

Tsiku lina masana ndinamupeza atakhala m'mbali mwa ngalande, masilipasi ali pambali. Anandiimitsa. Ndinamufunsa ngati akuwedza. Anadikira kaye mpaka mimba itamasuka, ndiye analankhula Chijava chake chopindika chija, mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo kwa iye.

"Lik, magazi ayamba kudontha, ndipo ikumanga pafupipafupi. Mak akuti ndi bwino, ndiyende mpaka pamlatho ndibwerenso. Ine sindidziwa amene akunena zoona, Mak kapena Bu Yuyun. Koma ali m'katimu ndimamumva akusuntha. Akatuluka sindidziwa." Anavala masilipasi. "Mundinyamule. Mak muwauze tikafika."

Ndinatsitsa matumba pamsewu pomwepo, n'kumuuza Daslam amene amathirira pafupi kuti awayang'anire ndipo asadye anyezi yense. Ndinayala matumba opanda kanthu m'bokosi, pamwamba jekete langa. Bu Yuyun ndinamuimbira, anati ndisaime paliponse, atipeza m'njira. Chibadwire sindinayendetsepo pang'onopang'ono chonchija. Anthu a njinga zakapalasa ankatipitirira. Dzenje lililonse ndinkalizungulira ngati muli njoka. Entin anagona chammbali, maso ali kumwamba kumawaya a magetsi.

Kuchipatala chachikulu anamuika diripi, kumupatsa mankhwala oti chiberekero chikhale bata, ndi jakisoni wothandiza mapapo a mwana kukhwima msanga. Dokotala anauza Bu Yuyun kuti khomo linali litayamba kutseguka, ndipo akanachedwa mwana akanabadwira kumunda. Anati sakulonjeza kuti afika pa naini. Ayesa kumusunga m'kati mmene angathere.

Yu Dar anafika m'mawa mwake, atavala mpango wa pa Idi. Anayamba ndi ine pakhonde, ndipo zimene ananditchula sizilembeka. Kenako analowa mu wodi. Anauza Entin kuti adzuke, mwezi watsala pang'ono kutha, madokotala akumukankhira mwana m'mwezi wa imfa ndi mankhwala awo. Analankhula mokalipa, kenako monyengerera, kenako akulira. Amayi ena a pamabedi oyandikana ankagwedeza mitu kuvomereza Yu Dar.

"Mak, ine pano sindidzuka," anatero Entin.

"Ndiye ukamuika wekha. Ine ndinaika kale wanga."

Anatuluka. Entin anatembenukira kukhoma.

Wodi imeneyo ili ngati msika. Bedi lililonse lili ndi fuko lake: mayi, azakhali, mwamuna wobwera ndi tiyi mufulasiki, mphasa zoyala pansi, mapulasitiki a zovala. Pansi pa bedi la Entin panali masilipasi okha. Mayi wokolopa anamuyamikira kuti malo ake ndi osavuta kukolopa. Ananena mwaubwino.

Yu Dar sanapitenso kuchipatalako, koma tsiku lililonse ankandipatsa kontena ya chakudya, mpunga, tempe wokazinga (chakudya cha soya), dzira la bakha lamchere, n'kundilamula kuti ndikanene kuti zachokera kwa akazi anga. Ndinkanena. Koma akazi anga kaphikidwe kawo kamadziwika mudzi wonse, ngakhale amphaka amadutsa kwathu mothamanga. Entin analawa kamodzi n'kudziwa. Ankangodya zonse n'kutsuka kontena ndi madzi akumwa.

Sindinkakhalitsa, anyezi sadikira. Ndinkamuuza za kuchisakasa, amene wakangana ndi mnzake, amene wagula mano atsopano. Namwino wina anandifunsa ngati ndine mwamuna wake, ndinati ayang'ane kaye imvizi. Entin ankamvetsera, foni ili m'dzanja. Tsiku lina anandipempha kuti ndione ngati foniyo ili bwino, mwina yawonongeka. Inali bwino. Anandiuza kuti anayesa nambala yakale ya mayi ake ku Saudi, inayankhidwa ndi mwamuna wolankhula Chiarabu. Entin anatinso usana m'chipindamo amawerenga mabowo a padenga, ndipo mimba ikamanga amasiya kupuma mpaka imasuke, ngati kuti mwanayo angaiwale zotuluka akapanda kumva phokoso.

Mwezi wa eyiti unalowa mwana akadali m'kati. Bu Yuyun anasangalala. Kuchisakasa Yu Dar anasiya kulankhula, ndipo chisakasa chopanda mawu awo chinali ngati nyumba ya eni. Ndinayesa kuwaputa za mpango wawo, sanandiyankhe. Lachinayi lina ndikudutsa kumanda ndinawaona atagwada akuzula udzu pa kamanda kakang'ono kopanda dzina. Atamaliza anayamba kuzula wa pamalo opanda kanthu pambali pake. Zimenezo Entin sindinamuuze.

Anagona pabedi lija masabata angapo. Kenako m'mawa wina, dzuwa litakwera, ndinafika ndi kontena n'kupeza bedi layalulidwa. Mayi wa bedi loyandikana anati nsupa inasweka kutangocha, amutengera kochirira. Ndinakhala pabenchi ndi mpunga wa eni pamiyendo mpaka namwino anatuluka.

Mwanayo anali mtsikana. Anamuika m'bokosi lagalasi, m'chipinda cha ana osakwana masiku, kapaipi kali m'mphuno. Namwino anafunsa kuti bambo ake ali kuti, adzamunenere azana, mawu oitanira ku mapemphero, m'khutu monga amachitira bambo aliyense mwana akangobadwa. Anayang'ana pakhonde, kumanja, kumanzere. Panali ine ndi munthu wina wogulitsa madzi. Entin anali pampando wamatayala, milomo itauma.

"Lik," anatero, basi.

Anandisambitsa m'manja mpaka m'zigongono, fungo la anyezi osachoka, n'kundiveka chovala chobiriwira. Mawu anga ndi oitanira ogula pamsika, sindinkadziwa kuti angachepe. Ndinawerama pa kazenera kozungulira ka bokosilo. Kakhutu kake kanali kochepa kuposa chikhadabo cha chala changa chachikulu, ndipo kachifuwa kankakwera ndi kutsika mofulumira ngati ka mwanapiye. Ndinanena azana mpaka kumapeto.

Yu Dar anabwera masana ndi kamphika kadothi kudzatenga nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana. Anailandira pakhomo. Namwino anawafunsa ngati akufuna kuona mdzukulu wawo, anati ayi, ndipo sanafunse ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Kunyumba anaitsuka okha, kuikulunga m'nsalu yoyera, kuikwirira pafupi ndi khomo ndi kuikapo nyali, ntchito yofunika kugwiridwa ndi Rokhidin. Akazi anga anati anawaona atakhala pamenepo nthawi yaitali.

Madokotala anamutulutsa Entin mu wodi, koma sanapite kunyumba. Anakhala pabenchi la panja pa chipinda cha magalasi, pamodzi ndi amayi ena awiri amene ana awo anali momwemo. Ankafinyira mkaka m'kakapu, anamwino n'kumamwetsa mwana kudzera m'kapaipi. Tsiku lina mwanayo anaiwala kupuma, makina analira, anamwino anathamanga n'kumusisita msana mpaka anakumbukira. Entin anaonera zonsezo pagalasi, chipumi atachigunditsa pamenepo. Mmodzi wa amayi awiri aja anapita kwawo wopanda mwana, ndipo wakeyo anali wa seveni. Entin anamuthandiza kupinda matewera. Pambuyo pake anamwino anayamba kumulola kumangirira mwana pachifuwa, khungu kukhungu, m'kati mwa bulauzi, ndipo ankakhala choncho tsiku lonse osasuntha, ngati nkhuku yofungatira. Dzina anamupatsa yekha, Neneng, la kwawo kumapiri. Panalibe womufunsa maganizo.

Tsiku lotuluka ndinawanyamula ndine. Yu Dar anali atasesa pabwalo kawiri. Amayi a kuchisakasa anasonkhana pakhonde, aliyense akusuzumira m'bulauzi ya Entin, ena akuti ndi wamng'ono ngati botolo la sosi, ena akuti mphuno ndi ya Rokhidin, mwatsoka. Yu Dar anaima kumbuyo, manja atapinda. Kenako pakamwa paja panatseguka. Anayamba kufotokozera anzawo kuti iwo anawerenga bwinobwino, Bu Yuyun ndi amene anasokoneza miyezi kuyambira pachiyambi, ana a sukulu a masiku ano sadziwa kuyang'ana mwezi kumwamba. Mwanayu ndi wa seveni, n'chifukwa chake ali moyo. Amayi anavomereza mwachangu, aliyense mtima unakhala pansi. Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwapute, koma Entin anandiyambirira.

"Ndi wa eyiti, Mak."

Sanakweze mawu. Ananena akuyang'ana pamutu pa mwana, kenako analowa m'nyumba. Yu Dar anauza amayiwo kuti azipita, anyezi sadzidula yekha, ndipo ine anandifunsa ngati ndilibe kwathu.

Neneng tsopano wayamba kukhala pansi, akagwa amakwiya. Entin anabwerera kuchisakasa, pamalo pake pomwe, mwana ali pamsana. Za miyezi sanakambiranenso, ndipo Yu Dar mpaka lero mlendo akafunsa amati seveni. Koma mwanayo akagona pamphasa masana, ndimawaona akusiya mpeni pakati pa mtolo, kupukuta manja pansalu, kukwawira pomwepo. Amaika chala pansi pa kamphuno kake n'kudikira. Akamva mpweya amabwerera ku anyezi wawo, ndipo pakapita kanthawi amadzukanso.